Ndinali Kuyembekezera Zotsatira

Mundikhululukire, m'nkhani ino muli zinthu zimene mtsikana woleredwa bwino satchula pagulu. Koma popeza anthu anazitchula kale, kuyambira padoko la Kachulu mpaka kumsika wa Songani, ndaona kuti nanenso ndikhoza kuikapo mlomo. Ndi nkhani ya mmene ndinatsalira pang'ono kutaya malo anga a ku sekondale chifukwa cha mwana amene sanakhalepo n'komwe, ndi mphatso yaulere imene ndinalandira ndi manja awiri, nditagwada.

Mudziwe kaye kuti ine ndinabadwa wamanyazi. Munthu wamkulu akandifunsa funso ndimayang'ana zala za kumapazi n'kuyankha kuti inde funsolo lisanathe, kuti asavutike kulimaliza. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri. Chaka choyamba sindinasankhidwe (kwathu zimenezi si zachilendo, m'kalasi mwathu munali anyamata ometa ndevu amene desiki inkawadziwa kuposa aphunzitsi). Chaka chachiwiri ndinalemba mu Julaye, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wondifunsa kuti ukutani masiku ano ndinkamuyankha ndi mawu amene ahedi anatiuza tsiku lotsekera sukulu: ndikuyembekezera zotsatira. Kumudzi timangoti kudikira. Koma ine ndinkaona kuti kudikira n'kwa basi ndi mvula, munthu wophunzira amayembekezera. Mawuwo ankamveka ngati a pawailesi, ndipo ndinkawatchula mowanyadira. Tanthauzo lawo linalo ndinkalidziwa, sindinama, koma linali kutali ndi mutu wanga, chifukwa kwathu mayi wapakati timati ndi wodwala, ndiponso timanena chapansipansi.

Fizi anali atalonjeza amalume, achimwene awo a amayi, eni mbumba yathu. Iwo amagula matemba ndi milamba ku Kachulu n'kukagulitsa ku Songani panjinga. Analonjeza pamaso pa abale onse, koma anaikapo chenjezo: akangomva kanthu kokhudza mnyamata, ndalama yawo idzagula matayala. Anali atapsa kale ndi achemwali anga aEsinati, amene anasiyira panjira Sitandade 7 pa zifukwa zooneka ndi maso. Nthawi imene ndikunenayi achemwaliwo anali pabanja, ndipo anali odwalanso m'njira ija ndatchula.

Lachinayi lina amayi anandiuza kuti ndiwaperekeze achemwaliwo kusikelo. Ndinavala diresi lakale la achemwali, lotakasuka ngati thumba la mpunga, chifukwa langa ndinali nditachapa.

Chipatala chathu n'chaching'ono: chipinda cha adokotala, chipinda cha azamba, ndi khonde lalitali la mabenchi. Chaka chimenecho chinali chitakongola mwadzidzidzi. Khoma lililonse linali ndi chithunzi cha khanda lachizungu, lonenepa ngati mlamba wa m'dzinja, likuseka litakumbatira chitini cha mkaka. Khanda lomwelo linali pakalendala ya adokotala, pachitseko cha azamba, ngakhale pasikelo yeniyeni yopimira ana. (Mankhwala a malungo anali atatha, koma zithunzi zinalipo zokwanira aliyense.) Pafupi ndi khomo la adokotala panali tebulo, ndipo kuseri kwa tebulolo kunaima mayi wovala zoyera kuyambira kachipewa mpaka nsapato, wotchi ikulendewera pachifuwa. Anali atabwera pagalimoto ndipo ankanunkhira sopo. Tonse tinaganiza kuti ndi anamwino aakulu ochokera ku Zomba.

Anayamba ndi kutiimbitsa nyimbo, kenako anatiphunzitsa. Anati bere ndi labwino, iwo sakutsutsa. Koma mayi amene ndiwo zake ndi matemba, amene amaweramira mpunga tsiku lonse, angatsimikize bwanji kuti mwana akukhuta? Mwana akalira, ameneyo ndi njala. Ana a m'tauni amamwa mkaka wa m'chitini, n'chifukwa chake amakhoza mayeso (apa ndinatchera khutu, poganiza kuti mwina ndapeza chimene chinandilepheretsa chaka chatha). Anatinso adokotala akugwirizana nazo, apo ayi sakanalola tebulo kukhala pakhomo pawo. Chofunika n'kungowiritsa madzi nthawi iliyonse, kuwiritsanso botolo. Kwathu kunyanja nkhuni timachita kugula, masiku ena timaphikira mapesi, koma palibe anakweza dzanja. Chitini choyamba chinali chaulere. Za chachiwiri sananenepo kanthu.

Ine nthawi yonseyi ndinali nditakhala pansi kumapeto kwa khonde, malo oyenera mtsikana woperekeza. Ndiye achemwali anaitanidwa kwa azamba. Podzuka anandikodola kuti ndikhale pamalo pawo, ndiwasungire mpango ndi chinangwa chathu chophika. Ndinakhala pabenchi, pakati pa mimba ziwiri, chinangwa ndili nacho pamiyendo mkati mwa chitenje.

Mayi wa zoyera uja anayamba kuyenda ndi katoni, kugawira mmodzimmodzi. Atafika pa ine anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pachinangwa.

"Nawenso, mwanawe, ukuyembekezera?"

"Inde, anamwino."

"Kuyambira liti?"

"Julaye."

"N'koyamba?"

"Ayi, n'kachiwiri. Chaka chatha sizinatheke."

Mayi amene anali kumanzere kwanga anagwira pakamwa. Ine ndinaganiza kuti akundimvera chisoni chifukwa chobwereza kalasi, ndipo ndinawathokoza mumtima.

"Pepa mwanawe. Nanga abambo akudziwa?"

"Akudziwa. Akuti chaka chino zikakanikanso ndingosiya."

Anaika katoni pansi. Anandigwira phewa, dzanja lina n'kuloza khanda la pachitini, n'kunena mokweza kuti chaka chino mwana ameneyu akhala, ndipo anenepa ngati uyu.

Pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Mpata wokonza zinthu unalipo, ndikanangoti pepani, ndimanena za mayeso. Koma iwo anali atatembenukira kale kubenchi, akuuza amayi onse kuti aone chitsanzo cha mayi wachitsikana wamakono, amene wakumana ndi zovuta koma wabwera kuchipatala m'malo mopita kwa asing'anga. Anandipatsa zitini ziwiri m'malo mwa chimodzi, botolo la kansonga ka labala, sopo, ndi chikwama cha nsalu chokhala ndi khanda lija mbali zonse. Tsono ine ndiwatsutse munthu wamkulu, wovala zoyera, wa wotchi pachifuwa, pamaso pa anthu onsewo, atandichitira zabwino chotere? Ndinaona kuti ndiwachititsa manyazi. Choncho ndinatsika pabenchi, ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo kwambiri, Mulungu awadalitse.

Podzuka m'pamene ndinaona amene anakhala kumapeto kwa benchi: akazi a ahedi. Ngati pakhonde ponsepo panali munthu mmodzi wodziwa chimene chinachitika mu Julaye, anali iwowo, poti ndi amene anatiphikira phala tsiku la mayeso. Koma tsiku limeneli anasankha kusakumbukira. Anandimwetulira ngati munthu amene watola ndalama panjira.

Achemwali atatuluka analandira chitini chawo, ndipo poona chikwama changa anangoganiza kuti anamwino andisungitsa katundu wawo. Mayi wodwala sayenda ndi zinthu za mwana poyera, choncho anaponya chawocho m'chikwama momwemo n'kundiuza kuti ndisenze. Ndinasenza. Tinadutsa pamphambano, pachigayo, pamatandala oyanikira nsomba, khanda lachizungu likusekerera anthu pamwamba pa mutu wanga. Sindinawauze kanthu achemwali. Ndinkati nkhani ya pachipatala ithera pachipatala. (Muone nzeru za munthu amene boma linali pafupi kumusankha.)

Kunyumba amayi anakana kuti chikwamacho chilowe m'nyumba. Anati zinthu za mwana wosabadwa sizilowa pakhomo, kumeneko n'kuputa tsoka, ndipo anthu a kuchipatala akanakhala ndi makolo akanadziwa zimenezi. Anachipachika kudenga la kitchini, ndipo ine ndinapuma.

Masiku otsatira anthu anayamba kundilemekeza. Kuchitsime mayi wina anandilanda ndowa n'kuisenzetsa mwana wake, nati ndisamanyamule zolemera. Agogo ena amene chibadwire changa ankanditi iwe anandipatsa moni wa "mwadzuka bwanji". Wina ananditumizira mango osapsa ndi mchere. Lamulungu otsogolera kwaya anandiuza kuti ndipumule kaye, ndikhale kubenchi la amayi. Atsikana anzanga okha ndi amene anasiya kundiitana popita kukatola nkhuni, koma ndinati ndi nsanje. Zonsezi ine ndinkazimasulira kuti anthu ayamba kuzindikira munthu wophunzira. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, mwaulemerero, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti kayendedwe kameneko kanatsimikizira ngakhale amene ankakayika.

Chimene chinaphulitsa nkhani ndi anamkungwi awiri amene anafika kwa amayi masana ena. Sanabwere kudzafunsa, anabwera kudzadzudzula. Anati n'zomvetsa chisoni kuti banja lopemphera linabisa mimba yoyamba ya mwana popanda kumulangiza za chisamba, n'chifukwa chake inapita padera, ndiye yachiwiriyi akufunanso kuibisa mpaka liti? Amayi ankapeta mpunga. Lichero linagwa, nkhuku zinadya bwino tsiku limenelo.

Amalume anafika m'mawa mwake, njinga ikununkha nsomba. Anakhala pampando pakhonde, amayi ndi achemwali pamphasa, ine nditagwada pabwalo. Chikwama chinatsitsidwa kudenga, ndipo zitini anazindandalika patsogolo pawo ngati mbuzi zogwidwa m'munda mwa eni. Bambo anga ndi mkamwini wofatsa, amene pa nkhani za mbumba amakhala chapatali n'kumasoka ukonde ngati sakumva. Anali pansi pa mtengo ndi ukonde wawo.

"Unanena kapena sunanene kuti ukuyembekezera?"

"Ndinanena, amalume."

"Kuti n'kachiwiri?"

"Ndinanena."

"Kuti abambo akudziwa?"

Ndinavomeranso. Mitu yonse inatembenukira kumtengo. Bambo anasiya kusoka, anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo anati iwo sakudziwa kanthu kupatula za sukulu. Apa m'pamene ndinapeza mawu. Ndinafotokoza zonse, za zotsatira, za kubwereza kalasi, za chinangwa. Achemwali anaseka mpaka anagwira m'chiuno, amayi anawaponyera chitsononkho. Koma amalume sanaseke. Anati bambo ndi mwana agwirizana bodza limodzi, ndipo ndi bodza losapsa, chifukwa palibe munthu wa Sitandade 8 amene angalandire botolo la khanda poganiza kuti ndi mphoto ya mayeso. Anatinso namwino ndi munthu wophunzira, sangapereke zitini ziwiri kwa munthu wopanda kanthu. Achemwali sakanandichitira umboni poti anali m'chipinda, ndipo akazi a ahedi, mboni imene inamva zonse, anali atauza kale dera lonse. Amalume anatsekera nkhaniyo ponena kuti za fizi aiwale kaye aliyense, mlanduwu ufunika kuuganizira. Zitini zonse, ndi cha achemwali chomwe, anazimanga pakaliyala monga umboni.

Umboniwo anayamba kuufufuza tsiku lomwelo. Akazi awo anauza achemwali kuti amalumewo anatsegula chitini chimodzi kuti aone ngati muli mankhwala oipa. Ananunkhiza, analawa ndi chala, kenako anaitanitsa tiyi. Amalume moyo wawo wonse ankamwa tiyi wakuda, wa shuga wowerengeka. Pobwera kudzapitiriza mlandu anafika ndi chitini m'thumba la jekete, n'kuuza amayi kuti atereke madzi chifukwa munthu saweruza kukhosi kouma. Anandiitana kuti ndiwerenge Chingerezi cha pachitinipo. Ndinawerenga mosamala, ndikuloza ndi chala, n'kuwamasulira kuti palembedwa kuti ndi chakudya cha makanda. Anati ngati khanda likupirira, iwo sangalephere. Botolo lija anali atalithira kale oyilo, ankadonthezera patcheni cha njinga, ndipo anati m'moyo wawo sanaonepo chipangizo chanzeru chotere.

Mlandu sunkatha. Tsiku lina ankafufuza mnyamata amene anandibwereka buku la mamapu. Tsiku lina ankafuna kudziwa chifukwa chake mwana wa ogulitsa palafini anandipatsa moni kawiri. Nthawi iliyonse tiyi ankayera kuposa dzulo lake, ndipo nthawi iliyonse chigamulo chinkasunthira kutsogolo. Ndinaona kuti masaya awo ayamba kusalala.

Ndiye zotsatira zinafika. Ahedi sanabwere kwathu, anapita kwa amalume, ndipo ife tinamva kwa iwo. Ndinali nditasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera konko. Ahedi anati iwo ndi okondwa kwambiri, koma lamulo ndi lamulo: mtsikana amene ali mmene anthu akuneneramu salowa m'kalasi, ndipo sabata isanathe ayenera kukauza akuluakulu ku Zomba ngati ndikupita kapena malowo apatsidwe wina, poti oyembekezera alipo ambiri. (Sindikunena kanthu, ndipo sindikufuna kulakwira aliyense. Ndikungotchula kuti mwana wa achemwali awo a madamu, akazi a ahedi aja, analembanso mayeso chaka chimenecho.)

Apa sindinaonenso choseketsa. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira. Zaka ziwiri ndinawerengera pa koloboyi, utsi uli m'mphuno, ndikuloweza mitsinje ya maiko amene sindidzawaona. Tsopano dzina langa linali litatuluka, chinthu chimene m'mudzi mwathu chinali chisanachitikepo kwa mtsikana, ndipo ndinali kuchitaya chifukwa choopa kuchititsa manyazi mlendo amene ngakhale dzina langa sanafunse. Ndinadziona ndikutembenuza matemba padzuwa mpaka kukalamba, anthu akumalozerana kuti uyo ndi uja wa zitini.

Amayi ndi amene anadula nkhani. Amalume atafika ndi chitini chomaliza, amayi sanatereke madzi.

"Achimwene, umboni mwamwa wokwanira. Mwanayu mawa apite kwa azamba, malo asanapite kwa ena."

Tinapita anthu atatu: amalume akupalasa, ine pakaliyala, ndi akazi a ahedi amene anadzipereka okha kukhala mboni, poti anali ndi chisoni chachikulu ndi banja lathu. Silinali tsiku la sikelo, tebulo lija panalibe. Zimene zinachitika m'chipinda cha azamba sindilemba. Ndingonena kuti azambawo ali ndi manja ozizira, sanong'ona, ndipo zenera linali lotsegula. Atamaliza anatuluka pakhonde n'kulengeza kwa amalume, kwa madamu, ndi kwa anthu onse amene anabwera ndi zilonda ndi chifuwa, kuti mtsikanayu alibe kanthu m'mimba kupatula njoka zam'mimba mwina. Akazi a ahedi anafunsa mwaulemu ngati sizingatheke kuti yachoka posachedwa. Azamba anawayankha kuti sichingachoke chinthu chimene sichinalowe.

Anafunsa mmene nkhani inayambira, ndipo nditafotokoza anapukusa mutu. Anati mayi wa zoyera uja si namwino ayi, sanagwirepo jakisoni, ndi wogulitsa malonda wa kampani ya mkaka ya m'tauni, ndipo zovala zoyera aliyense akhoza kusoketsa kwa telala. Ndinaganiza za mawondo anga. Ndinagwadira munthu wamalonda, ngati amene amagulitsa zitumbuwa pamphambano, kusiyana kwake wotchi basi.

Amalume anaimirira n'kunena kuti akufuna kuonana ndi adokotala. Mtima wanga unasangalala. Ndinati tsopano mwini mbumba akawafunse bwino anthu amene amalola amalonda kuvala ngati anamwino n'kumagawira ana a eni mimba zapakamwa. Ndinawatsatira mpaka pakhomo kuti ndimve. Adokotala anawalandira atakhala pansi pa kalendala ija, cholembera cha kampani yomweyo chili m'thumba la malaya. Anati iwo saonapo cholakwa, mayiyo amathandiza kuphunzitsa amayi ndiponso amabweretsa sopo amene boma silitumiza, ndipo mtsikana akafunsidwa funso ayenera kumvetsera. Amalume anagwedeza mutu. Anakanda kumbuyo kwa khutu, anatsokomola, kenako anatsitsa mawu.

"Tsono adokotala, mkaka umenewu munthu akaufuna amaupeza kuti?"

Anawauza kuti ku Songani ulipo m'golosale, ku Zomba ndiye m'sitolo iliyonse. Anawapatsanso kalendala.

Ahedi anakauza a ku Zomba kuti ndikupita. Amalume analipira fizi monga analonjezera, ndipo pa zimenezi ndimawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Bulangete ndi nsapato zimene analonjezanso sizinaoneke, anati malonda a nsomba avuta, ngakhale kuti sabata imeneyo anabwera kuchokera ku Songani ndi chitini chatsopano, akudandaula kuti mtengo wake ndi wa milamba ya tsiku lonse. M'mudzi anthu sanagonje. Ena anati azamba anapatsidwa nsomba. Ambiri anagwirizana kuti yapitanso padera, ndipo mayi uja wa mango anabwera kudzandipepesa. (Ndinalandira chipepesocho. Ndikanatani, munthu atayenda mtunda wonsewo?)

Tsiku lonyamuka, amalume anabwera ndi mphatso yawo. Anati mwana wa sekondale sasunga kamba m'mapepala, makoswe a kusukulu ndi ophunzira. Anali atatsuka zitini zopanda kanthu zija n'kuthiramo shuga, mtedza ndi matemba okazinga. Anazilongedza okha m'sutikesi yanga, pamwamba penipeni, kuti zisaphwanyike.

Kusukulu tinafika madzulo, ndipo amatironi, mayi wamkulu woyang'anira kogona atsikana, anatiimika pamzere kuti atsegule katundu wa aliyense. Anali ndi magalasi ndi ndodo yaifupi yotembenuzira zovala. Atatsegula sutikesi yanga, makanda atatu achizungu anawasekerera nthawi imodzi. Anayang'ana zitini, anayang'ana ine, anayang'ananso zitini. Mzere wonse unasuzumira.

"Mwanayo wamusiyira ndani?"

Mundiyamikire pang'ono apa, chifukwa nthawi ino ndinadikira funso lithe, ndinaliganizira, ndipo ndinayankha mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo chibadwire.

"Kulibe mwana, madamu. Anamwa ndi amalume."

Amatironi anati pa zaka zonse zimene agwira ntchitoyi amva mabodza ambiri, koma limeneli ndi latsopano. M'mawa mwake, anzanga akulandira mabuku, ine ndinali pamzere wa chipatala cha sukulu. Manja a kumeneko ndi ozizira chimodzimodzi. Choncho mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kawiri, ndipo enawa ndinalembanso kawiri, kusiyana kwake n'kwakuti enawa ndinakhoza maulendo onse. Malo anga sanatayike, koma ndinapezanso dzina. Mpaka lero anzanga amanditchula Make Chitini, ndipo mtsikana wina watsopano anafika pondifunsa mwaulemu ngati Chitiniyo ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Pa tchuthi choyamba ndinapeza achemwali atachira, ali ndi mwana wamwamuna. Amayamwa bere, poti chitini chake chinathera m'kapu ya agogo ake, amalume aja, iye asanabadwe, ndipo ndi wonenepa mmene amanenepera ana a kwathu. Mnzawo wina wa pabenchi paja sizinamuyendere chotero. Anayamba ndi chitini chaulere, chitatha bere linali litauma, ndipo chogula ankachisungunula ndi madzi ambiri kuti chikhalitse. Mwanayo anakagonekedwa ku Zomba ndi matenda otsegula m'mimba. Anachira, koma sakufanana ndi wa pachithunzi. Achemwali amati mwina amalume anapulumutsa mdzukulu wawo mosadziwa, ndipo amalume atamva anati ankadziwa. Kampani ija inayenda ulendo wonse kuchokera m'tauni kudzafuna makanda a kunyanja, ndipo kwathu inapeza khanda limodzi lokhulupirika, la imvi, limene silidzasiya kuyamwa.

Ine ndinabwerera kumudzi nditatsimikiza mtima. Ndinali nditaphunzira kuti chaulere chimafunika kuchifunsa kaye kuti chikufuna chiyani kwa iwe, ndiponso kuti mawu akuti ayi si chipongwe. Ndinayeserera kuwatchula m'basi njira yonse. Tsiku lomaliza la tchuthi amalume anandiitana kunyumba kwawo. Anati amva kuti zitini zija zinandithandiza kwambiri, moti sukulu yonse ikundidziwa. Analowa m'chipinda n'kutuluka ndi zina, zambiri kuposa poyamba, zotsukidwa bwino, zomangidwa ndi luzi, ndipo anati ziwiri ndikawapatse amatironi.

Ndinayang'ana zala za kumapazi. Kenako ndinagwada.